Bawuti Linkagona Kwanga

Pa mitala yathu mayi aakulu anatenga mfuti, ine ndinatenga bawuti. Anthu akamva amaseka, koma katundu anagawidwa choncho, ndipo lamulo lake silinachokere kwa ife.

Amuna anga anali mlenje wa boma ku Makanjira, awo amene anthu ankangoti agemu. Mvuu ikamaliza mpunga wa anthu, kapena ng'ona ikazolowera padooko, ankaitanidwa iwo. Mfuti yawo inali yakalekale, thabwa lake lakuda ndi thukuta la anthu ena amene anaigwirapo kale. Inali ya mtundu uja woti ukawombera kamodzi umakweza kampini, kukokera m'mbuyo kuti chigoba cha chipolopolo chituluke, n'kukankhanso kuti china chilowe. Chitsulo chimene umakoka ndi kukankhacho ndiye bawuti. Limasololoka lonse, ndipo kutalika kwake ndi ngati chinangwa chabwino. Likachoka, mfuti imasanduka chibonga basi.

Nkhondo ya ku Mozambiki itakula, anthu anayamba kutsika m'mapiri ndi mitolo pamutu. Ambiri anali abale athu omwe, oyankhula Chiyao ngati ife, oswali kumzikiti ngati ife. Pambuyo pawo panabwera mphekesera zoti anthu a mfuti akumalumpha malire kudzaba. Ndiye ku ofesi ya amuna anga ku boma kunachokera mawu akuti mfuti ndi bawuti zisamagone nyumba imodzi, kuti wakuba akaba, abe chibonga. Anzawo a mkazi mmodzi anavutika nalo lamuloli, ena mpaka kumakwirira bawuti m'nkhokwe. Amuna anga sanaganize kawiri. Nyumba ziwiri anali nazo kale, m'midzi yoyandikana.

Mayi aakulu anasankha poyamba, monga mwa ukulu wawo, ndipo anasankha chachikulu. Mfuti anaiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo mudzi wonse unadziwa dzuwa lisanalowe. Ine anandibweretsera kachitsulo kokulungidwa m'nyuzipepala. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza, koma mumtima ndinati ngakhale pa chitsulo andipatsa zotsala.

Ndinene pano kuti ine ndinalibe mwana. Zaka zinali zitapita ndithu chikwatiwire, mankhwala a kuchipatala ndi a mizu ndinamwa okwanira kuchiritsa mudzi, koma ayi. Kwathu mwamuna ndiye amabwera kwa mkazi, ndipo chikondi chikazizira chimene chimamubweretsa ndi ana. Kwa mayi aakulu kunali ana odzaza mphasa. Kwanga kunali ine, makina osokera ndi nkhuku. Sabata yanga inali itayamba kufupika. Inkayamba mochedwa, ndipo isanafike pakati bambo ankakumbukira kuti kwinako mwana akutsokomola. Ndinkaopa kuti tsiku lina adzangosiya kubwera, popanda ndewu, popanda mawu, anthu n'kumandipatsabe moni wa mkazi wa mwini. Mantha amenewo ankandiwawa kuposa kusowa mwanako.

Bawuti linasintha zinthu. Uthenga wa mvuu ukabwera, kaya ndi sabata ya ndani, bambo ankayenera kudzera kwanga m'mawa kudzalitenga, madzulo n'kudzalibweza. Kutuma mwana sakanatha, chifukwa katundu wa boma sanyamulitsa mwana. Ndipo munthu satenga chinthu pakhomo pa mkazi wake ali chiimire. Ankakhala pakhonde, ndinkawapatsa tiyi ndi chinangwa chophika, iwo n'kumandiuza za mapazi a mvuu ndi za abwana awo ouma manja pa zipolopolo. Madzulo ena mdima unkawapeza akadali pakhondepo, ndipo ine ndinkawakumbutsa kuti njira ya kwa mayi aakulu yachuluka njoka. Njokazo ndinkaziona ndine ndekha.

Mayi aakulu atazindikira anatumiza mawu oti tisinthane, iwo atenge bawuti, ine mfuti. Ndinawayankha kuti za boma sitilowerera ife akazi.

Kasamalidwe kake bambo anandionetsa kamodzi kokha, mothamanga, zina ndinaphunzira ndekha. Adani a bawuti ndi mchenga ndi dzimbiri, ndipo kunyanja zonsezo n'zosagula. Likabwera madzulo ndinkapotokola kamutu kake kakutsogolo. Kumutuko kuli kachikhadabo kamene kamakola chigoba, ndi kabowo kamene kamsomali komenya chipolopolo kamatulukira. Mmenemo chala sichilowa, ndiye ndinkalowetsamo nthenga ya nkhuku. Kenako ndinkapukuta lonse ndi kansalu kotsala posoka, n'kupaka mafuta a makina osokera, pang'ono, oti chitsulo chingowala koma chala chisanyowe. Mafuta ambiri amaitana fumbi. Ndikamaliza ndinkaliika m'kabati ka makina, pamodzi ndi masingano ndi mabatani.

Bambo ankakonda kunena kuti bawuti lililonse lili ndi mfuti yake, kuti zimapangidwira pamodzi, ndipo ukalilowetsa mu ina likhoza kulowa bwinobwino koma tsiku lina lidzakuphulikira kumaso. Ankanena zimenezi ndi nkhope ya shehe, munthu wa akazi awiri. Ine ndinkangoti, "Eya, bambo."

Chimodzi chokha ndinalisintha. Kunsonga ya kampini kuli kampira ka chitsulo, ndipo kanali katatha n'kusalala. Nyengo yotentha bambo anabwera akudandaula kuti dzanja likatuluka thukuta kakumaterereka. Ndinakapempha ulusi wa ukonde kwa achimwene anga asodzi, ndinakulunga kampirako mothina, n'kutseka ndi mfundo ya asodzi yosamasuka m'madzi. M'mawa mwake bambo analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwaveka katundu wa boma mpango?"

"Akadzabwera abwana mudzavule."

Abwana sanabwere. Msewu wa kwathu nthawi imeneyo unkafuna munthu wokhala ndi chifukwa chenicheni, ndipo lole yonyamula anthu inkafika yokha ikafuna. Ulusi uja unakhalabe, ndipo ndinamva kwa anthu kuti bambo ankaonetsa anzawo.

Othawa nkhondo aja tinkati mlendo ndi mame, koma mame amenewa anakhala zaka osakamuka. Ena anapatsidwa malo kudambo la m'mbali mwa nyanja, kutali ndithu ndi kwathu, kumene eni mudzi anali atasiya kulima chifukwa cha mvuu. Iwo analibe kosankha, analima mpunga. Mvuu zinabwera ndi ana omwe. Uthenga unayamba kufika kuchokera kudamboko pafupipafupi, ndipo ine, chitsiru, ndinkasangalala, poti uthenga uliwonse unali mapazi a bambo pakhomo panga. Ndinkafika powafunsa m'mawa ngati kudambo kuli bata, n'kumakhumudwa akati kuli bata.

Tsiku lina bawuti silinabwere madzulo. Linabwera mawa lake masana.

"Linagona kuti?"

"Pabwino."

"Pamodzi ndi mfuti?"

"Ayi, lamulo ndikulidziwa. Kudambo n'kutali, ndinaweruka mochedwa."

Sindinafunse zambiri. Kenako linayamba kugona kunja kawirikawiri, n'kumabwera ndi mchenga mpaka m'kati. Kenako silinabwerenso. Mwezi unaoneka, unafa, unaonekanso wina. Sabata yanga inkafika n'kudutsa, bambo osaoneka. Ndikatsegula kabati kufuna singano ndinkaona malo ake, ndipo ndinkatseka msanga. Amayi anga anayamba kundifunsa ngati mkamwini wawo akudwala, ine n'kumati ntchito yawachulukira.

Nditatopa ndinapita kwa mayi aakulu. Sindinkapitako wamba, ndiye ana atandiona anathamangira kukanena. Ndinawapeza akupeta mpunga, ndipo chaka chimenecho iwo sanalime mpunga. Tinapatsana moni wautali, wofunsa aliyense mpaka mbuzi.

"Mfuti ilipo, mayi?"

"Ilipo. Imagona pano masiku onse."

"Nanga eni ake?"

"Amadzaitenga, amadzaibweza."

"Bawuti silikubwera kwanga."

Anapeta kanthawi, anauzira mankhusu. "Za boma sitilowerera ife akazi," anatero.

Ndinameza. Anali mawu anga omwe, ndipo anawasunga bwino. Ponyamuka anandipatsa mpunga m'kambale, n'kundiperekeza mpaka panjira, zimene anali asanachitepo. Pamenepo anati, "Inunso munabwera masana, ine ndikuona. Sindinafe." Ndinabwerera kunyumba nditamva, koma ndikukana kumva. Mpungawo ndinapatsa nkhuku.

M'mawa wina ndikusoka pakhonde, panafika mkazi amene sindinkamudziwa. Anali wamng'ono thupi, chitenje chake chotha mtundu, mapazi oyera ndi fumbi la ulendo, kamwana kakumutsatira katagwira nsonga ya chitenje. Anagwada patali, ndipo pogwadapo ndinaona kuti ndi woyembekezera.

"Salamu aleikumu, mayi apakati."

Ndinacheuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Kunalibe munthu. Chikwatiwire ine ndinali mayi aang'ono, ndipo panalibe amene anandiuza kuti ndakwezedwa. Pakati pamakhala munthu ngati kuli wina kutsogolo ndi wina kumbuyo, zimenezo ngakhale wosapita kusukulu amawerenga. Phazi langa linali pa makina, ndipo linapondabe kangapo lokha, singano n'kumasoka popanda nsalu.

Ndinayankha salamu yake. Ndinamufunsa kuti ukwati anamanga liti, anati mpunga usanache. Anati mwamuna wake woyamba anatsala kwawo, pankhondo, ndipo kamwanako ndi ka iyeyo. Ankayankhula motsitsa, maso ali pansi, ngati akuganiza kuti zonsezi ndikuzidziwa. Kenako anamasula kamtolo ka chiduswa cha thumba n'kukankhira kwa ine.

Bawuti langa ndinalizindikira ndi ulusi wokha. Linali lakuda, lonanda, mchenga utamatirira paliponse, ndipo m'kamutu munkatuluka nyerere. Ndinalinunkhiza. Linkanunkha zitumbuwa.

"Mwapaka chiyani?"

"Mafuta olandira."

Ankanena mafuta ophikira a m'zitini amene othawa nkhondo ankalandira pamodzi ndi ufa ndi nyemba. Mafuta ophikira akakhalitsa pachitsulo amasanduka ulimbo.

"Ndani anakuuzani zimenezo?"

"Bambo anati ndizilipaka mafuta. Sananene kuti ati. Ndinkapaka ambiri ndithu, sindinkaumira. Masiku ena ndiwo tinkadya zopanda mafuta kuti likwane."

Ndinkafuna kumulalatira, mawu anali atafika kale pakhosi. Koma munthu amene wamana mwana wake mafuta kuti adyetse chitsulo umayamba pati kumulalatira? Ndinangofunsa chimene chachitika. Anati dzulo lake mvuu inalowa m'madimba, bambo anawombera koma sinagwe, inatembenuka. Pokoka bawuti kuti alowetse chipolopolo china, linakakamira pakati. Anathawa, anagwera m'ngalande, bondo latupa. Mvuu inabwerera m'madzi ndi bala lake.

Mtima wanga unathamangira kwa bambo, kufuna kudziwa ngati fupa lili bwino, ngati adya. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri, kuti munthu wandichita chonchi koma ine ndikudera nkhawa bondo lake.

Ndinathira palafini m'mbale yakale, ndinaviika bawuti, n'kuyamba kukwecha ndi mswachi wotha. Kamutu kanakana kupotokoka mpaka ndinakagwira ndi nsalu. Ulimbo unkatuluka ngati phula, palafini ndinasintha kangapo. Mkazi uja anasendera pafupi kuti aone. Ine ndinatembenuka pang'ono kuti aone msana.

"Anati mundiphunzitse," anatero.

"Anati choncho?"

"Eya. Anati mayi apakati ndi amene amalidziwa."

Ndinapitiriza ntchito yanga. Ndinalowetsa nthenga, ndinapukuta, ndinapaka mafuta ake enieni. Litawala ndinaliyesa, kamutu kanazungulira kopanda phokoso. Kenako ndinaimirira, ndinatsegula kabati ka makina, ndinaliika pamalo pake n'kutseka.

"Mukawauze kuti bawuti lachira. Wolifuna adzatenge yekha."

Sanatsutse. Ndinawapatsa madzi ndi chinangwa, iye ndi mwana wake, poti ulendo unali wautali, ndipo anadya mwaulemu, akubisa njala. Ndinayesetsa kumuda koma sizinatheke bwino. Ponyamuka anagwadanso n'kutsanzika ndi dzina lomwe lija.

Ndinkadziwa kuti bambo sachedwa, chifukwa mvuu yovulala siyembekeza munthu. Ndiye m'mawa mwake ndinasesa bwalo, ndinasamba, ndinavala chitenje chimene anandigulira ku Mangochi. Nditamva kwa ana a m'mudzi kuti akubwera, ndinapempha achimwene kuti andiphere nkhuku. Sindibisa, ndinkafuna abwerere. Ndinkaganiza kuti akaona bawuti lowala, n'kukumbukira mmene linawachitira kudambo, anena okha kuti lizigona kuno monga kale. Za mkazi wachitatu ndinali nditavomera kale mumtima. Akanakhala ndi anayi, bola azidzera pano m'mawa.

Anafika akutsimphina, ndodo m'manja. Anakhala pakhonde, mwendo atautambasula. Ndinagwada, tinapatsana moni, ndinafunsa za bondo, anati likupola. Za ukwati wawo sananene, ine sindinafunse. Ndinalowa n'kukatenga bawuti. Analitembenuza, anazunguliza kamutu, anakanda kachikhadabo ndi chala.

"Ntchito ndi imeneyi," anatero.

"Madzulo libwera?"

"Kuno n'kutali ndi mvuu."

"Mvuu sizinasamuke, bambo. Zinali komweko kale."

Anayang'ana kubwalo, kumene nthenga za nkhuku zinali zisanaseseredwe. Anakhosomola. "Mnzanuyo ndi wanzeru, akungosowa mafuta oyenera. Mukanamugawirako pang'ono."

Pamenepo mutu unanditentha. Ndinati, "Bambo, ngati bawuti siligonanso pano, ndipatseni talaka yanga."

Talaka ndi mawu amene mwamuna amamasula nawo mkazi, ndipo akazi kwathu amawapempha kawirikawiri osawafuna. Yankho lake limadziwika. Mwamuna amadabwa, amati mwayamba misala, nkhani ya chitsulo mukuisandutsa ya banja, kenako amagona konko kuti mtima wa mkazi utsike. Amayi anga anapempha talaka moyo wawo wonse ndipo anakalamba ndi abambo anga. Ine ndinali ndisanapemphepo, ndipo ndinadikira kuti adabwe.

Anasisita bondo lawo. "Chabwino," anatero. "Ndiwauza ankhoswe Lachisanu tikatuluka kumzikiti."

Liwu lawo linali la munthu amene wathandizidwa kutula katundu. Ndinazindikira kuti mawuwo anali nawo kalekale, ankangosowa wowayambira, ndipo ndinawayambira ndine. Ndinkafuna kunena kuti sindimatanthauza, koma iwo anali atayamba kale kukulunga bawuti m'kampango kawo.

Ndinalowa m'nyumba. Ndinatenga kabotolo ka mafuta a makina. Ndinalibe kena kogawiramo, ndiye ndinawapatsa konse. Anati nanga makina anu, ndinati ndiona. Nkhuku inali ikuwira kukhitchini, fungo likufika pakhonde, koma anati afulumire dzuwa lisanakwere, mwendo ukuwachedwetsa. Anaika kabotolo m'thumba la malaya, bawuti m'thumba lina, anatsamira ndodo n'kunyamuka.

Ndinawayang'ana akudutsa bwalo pang'onopang'ono. Atafika pamtengo wa mango, pamene njira yathu imakumana ndi ya kudambo, anaima n'kutembenuka. Ndinatsika pakhonde msanga.

"Kodi mafutawa," anatero, "amapaka asanapukute kapena atapukuta?"

Ndinati atapukuta.